Fodya yemweyo, wina akulimabe wina akubanika: kodi COPD ndi yakumtundu?

Nangozo

Moni nonse. Ndikufuna thandizo kwa inu amene mumadziwa za mapapo. M'midzi mwathumu simulephera kupezeka gogo wa zaka 80 amene anayamba kupichira chingambwe ali mnyamata, koma mpaka lero khasu akuligwirabe. Pomwe wina wa zaka 45, wosuta ndudu zosakwana n'komwe paketi patsiku, akakwera kachitunda pang'ono amaima kaye, manja m'mawondo, befu lili tho. Akapita kuchipatala chifuwa chachikulu sachipezeka, amangouzidwa kuti ndi COPD (matenda okhalitsa othinitsa njira za mpweya m'mapapo) ndipo siichizika. Anthu akaona zotere amati fodya akumunamizira, ena mpaka amati munthuyo anachita kulodzedwa.

Ndiye kodi n'zoona kuti pali chibadwa chimene chimachititsa mapapo a ena kuwonongeka msanga ndi utsi? Ngati chilipo, chimayezeka? Nanga abale ndi ana a munthu wodwalayo akhale ndi nkhawa?

Chisale

Mayi Nangozo, funso lanuli linavutitsa madokotala kalekale. Mu 1977 Charles Fletcher ndi Richard Peto anatulutsa zimene anapeza atayeza mapapo a amuna 792 ogwira ntchito ku London kwa zaka 8. Anaona kuti osuta ena mphamvu ya mapapo awo inkatsika mwaliwiro pomwe ena inkatsika pang'onopang'ono, fodya ali yemweyo. Kuchokera apo anthu anazolowera kunena kuti osuta 15 okha pa 100 ndi amene amadwala COPD, koma nambala imeneyi ndi yochepa. Ku Copenhagen anatsatira anthu kwa zaka 25 ndipo mwa osuta osalekeza, mmodzi mwa anayi alionse anadwala. Kumpoto kwa Sweden anapeza kuti mwa osuta amene afika pa ukalamba, pafupifupi theka ali nayo. Choncho gogo wa chingambwe uja tisamutenge ngati mboni. Anzake amene anayamba nawo kusuta ambiri anagona kale, ndipo iyeyo atati apumire m'makina mwina angapezeke nayo, kungoti anazolowera kuyenda pang'onopang'ono n'kumati ndi ukalamba.

Tsopano za chibadwa. Mapapo ali ndi timatumba ta mpweya mamiliyoni mazanamazana, ndipo makoma a timatumbati ali ndi ulusi wotanuka wotchedwa elastin. Ulusiwu umagwira ntchito ngati mphira wa legeni: mukakoka mpweya umatambasuka, mukasiya umabwerera n'kukankha mpweya kunja. Utsi ukalowa, asilikali a m'thupi otchedwa neutrophil amathamangirako n'kutulutsa mankhwala awo, elastase, opha nawo tizilombo. Vuto ndi lakuti elastase sasankha, amadulanso ulusi uja. Kuti asawononge, chiwindi chimapanga puloteni yotchedwa alpha-1 antitrypsin, imene imayenda m'magazi n'kukamugwira elastase m'mapapomo. Utsi wa fodya umalakwa pawiri. Umaitana asilikali ochuluka, komanso umawononga kachigawo ka puloteniyi kamene kamagwira elastase. Ulusi ukaduka timatumba timang'ambika n'kuphatikizana kukhala mabowo akuluakulu osakankha mpweya. Imeneyo ndiye emphysema, mbali imodzi ya COPD. Munthu amakoka mpweya koma kuutulutsa kumamukanika.

Mu 1963, ku Malmö m'dziko la Sweden, Carl-Bertil Laurell ndi Sten Eriksson anayang'ana magazi a anthu pafupifupi 1,500 ndipo mwa asanu puloteniyi inali yosaoneka. Atatu mwa asanuwo anali ndi emphysema ali aang'ono. Jini imene imapanga puloteniyi imatchedwa SERPINA1 ndipo ili pa chromosome 14 (chromosome ndi mtolo wa majini m'thupi mwathu). Ndikati jini ndikunena malangizo amene timatengera kwa makolo, osati majini a ziwanda aja. Aliyense amalandira awiri, mmodzi kwa mayi wina kwa bambo. Mtundu wabwino umatchedwa M, ndipo yolakwika yodziwika kwambiri ndi S ndi Z. Tikati wa MM ali ndi puloteni 100, wa MS amakhala ndi pafupifupi 80, wa MZ 60, wa SZ 40, ndipo wa ZZ amangokhala ndi 15 kapena kucheperapo. Mlingo ukatsika kupitirira 11 micromol pa lita imodzi ya magazi, mapapo amakhala pambalambanda.

Wa ZZ akamasuta, befu limayamba ali ndi zaka za m'ma 30 kapena 40. Wosasuta amatha kufika 50 kapena 60 asanamve kanthu, ena osadwala n'komwe. Emphysema yake imakonda kunsi kwa mapapo, pomwe ya osuta wamba imakonda kumtunda. Komanso puloteni ya Z sikuti sipangidwa ayi, imapangidwa yopindika molakwika n'kumatirirana m'chiwindi momwemo osatuluka. N'chifukwa chake m'banja lotere mumapezeka khanda la chikasu chosatha, kapena wamkulu wouma chiwindi koma mowa sanaulaweko.

NaJere

Bambo Chisale afotokoza bwino, koma ndikuopa kuti wina awerenga n'kuganiza kuti bambo wa zaka 45 uja ndi wa ZZ basi. Mpata woti ali choncho ndi wochepa zedi. Z ndi ya azungu a kumpoto kwa Ulaya, kumene munthu mmodzi pa 2,000 mpaka 5,000 amabadwa ZZ, ndipo S yafala kwambiri ku Spain ndi Portugal. Mwa anthu akuda a kuno Z sapezekapezeka. Ngakhale ku Ulaya ndi America komweko, mwa odwala COPD 100, a vuto la alpha-1 amangokhala mmodzi mpaka atatu. Amene ali ndi kholo lachizungu m'mbiri ya banja ndiwo angaiganizire kwambiri.

Izi sizikutanthauza kuti zakumtundu palibe. Mu 1998 gulu la Edwin Silverman ku Boston linasonkhanitsa anthu odwala COPD yoopsa ali aang'ono, amene alpha-1 yawo inali bwinobwino, n'kuyeza makolo, abale ndi ana awo. Achibale osuta anali ndi mpata wochuluka pafupifupi katatu wokhala ndi mapapo ofooka poyerekeza ndi osuta ena. Achibale osasuta, mpatawo sunakwere. Kwa ine pamenepa ndi pamene pagona nkhani: chibadwa chimakhala chete mpaka utsi utachidzutsa. Ofufuza amati mwina magawo 40 pa 100 a kusiyana kwa anthu pa matendawa amachokera ku majini, kungoti si jini imodzi.

Mu 2009 ofufuza anapeza malo awiri oyambirira a m'majini okhudzana ndi COPD. Ena ali pafupi ndi HHIP pa chromosome 4, jini imene imakhudza kakulidwe ka mapapo. Ena ali pa chromosome 15, pamene pali CHRNA3 ndi CHRNA5. Chaka chotsatira panawonjezereka FAM13A, ndipo pofika 2019 malo okhudzana ndi COPD anali atakwana 82. Alionse paokha amangokweza chiopsezo pang'ono. Munthu amene mapapo ake sachedwa kuwonongeka ndi amene zinamukumanira zambirimbiri nthawi imodzi.

Za chromosome 15 ndizikhalitsepo pang'ono, chifukwa zimasokoneza anthu. CHRNA5 si jini ya mapapo kwenikweni. Imapanga kachigawo ka malo amene chikonga chimafikira mu ubongo. Amene ali ndi mtundu wina wa jiniyi amasuta pafupifupi ndudu imodzi yowonjezera patsiku pa kope lililonse limene anatengera, amakoka utsi mwamphamvu, ndipo kusiya kumawavuta. Ndiye mbali ina ya "chibadwa cha COPD" ndi chibadwa cha chibaba. Mtundu umenewu ndi wofala mwa azungu koma mwa anthu a kuno ndi wosowa. Ina ndi CYP2A6, imene imaphwanya chikonga m'chiwindi. Wophwanya msanga chibaba chimamubwerera msanga, choncho amayatsa pafupipafupi. Apa n'chifukwa chake anthu awiri onena kuti amasuta ndudu 10 patsiku sakhala atameza utsi wofanana.

Palinso china chimene chinasintha kaganizidwe ka madokotala. Mu 2015 Peter Lange ndi anzake anaonetsa kuti pafupifupi theka la odwala COPD mapapo awo sanatsike mwaliwiro ayi. Anangoyamba ali ochepa mphamvu pa unyamata, kenako n'kumatsika monga a wina aliyense mpaka kudutsa malire. Mapapo amakula mpaka zaka 20 kapena 25, ndiye chilichonse chowalepheretsa kukula chimamusiya munthu ndi nkhokwe yaing'ono. Majini alipo, inde, komanso kubadwa wosakwana sikelo, kunyentchera, chibayo chobwerezabwereza paubwana, ndi kukulira pamsana pa mayi m'khitchini ya utsi wa nkhuni. Ana a bere limodzi amadya mbale imodzi ndi kupuma utsi umodzi, moti matenda akhoza kuyenda m'banja osadzera m'magazi.

Mudziwenso kuti kafukufuku wambiri wa majiniwa anachitika pa azungu. Kafukufuku wa COPDGene wa ku America analemba osuta pafupifupi 10,000 ndipo gawo limodzi mwa atatu anali akuda a kumeneko, koma ambiri a iwo makolo awo anachokera kumadzulo kwa Africa, si Achewa, Ayao, Alomwe kapena Atumbuka. Mawerengedwe ophatikiza majini onse aja akagwiritsidwa ntchito pa anthu a ku Africa salosera bwino. Amene muli kunja mukuganiza zogula timabotolo tolavuliramo malovu tapa intaneti kuti mudziwe ngati fodya angakupwetekeni, sungani ndalama zanuzo.

Nangozo

Zikomo kwambiri bambo Chisale ndi mayi NaJere, mwanditsegula maso. Ndiye ngati kuyeza majini sikungathandize anthu ambiri kuno, munthu wa befu uja ndi abale ake osuta ayambire pati?

Gondwe

Ayambire pa mbiri ndi pa makina opumiramo, mayi. Koma asanafike pa makinawo, chifuwa chachikulu chichotsedwe kaye: makhololo ayezedwe ndi makina a GeneXpert, ajambulidwe pachifuwa, ayezedwenso HIV. Wa TB yosachizidwa sapumira m'makina chifukwa angapatsire ena. Kujambulako ntchito yake ndi kufufuza TB, khansa ndi mtima wotupa. COPD yoyamba kumene siioneka pa chithunzi, moti chithunzi choyera si umboni woti munthu ali bwino.

Pa mbiri, werengani kuchuluka kwa fodya motere: ndudu za patsiku muzigawe ndi 20, muchulukitse ndi zaka zimene wasuta. Wosuta 10 patsiku kwa zaka 30 ali pa 15. Wa chingambwe muwerenge mipichiro ya patsiku, podziwa kuti ilibe fyuluta ndipo kukula kwake kumasiyana. Chibadwa chimaganiziridwa ngati matenda ndi aakulu koma nambalayi ndi yaing'ono, ngati anayamba asanakwane zaka 45, kapena ngati abale a bere limodzi awiri kapena atatu akudwala mofanana. Musanathamangire ku chibadwako funsani zinthu izi. Anadwalapo TB? Imasiya zipsera ndi tinjira ta mpweya tothina ngakhale anachira. Anakagwirako ku migodi ya ku Joni? Fumbi la miyala limawononga mapapo patapita zaka zambiri. Nanga nkhuni, kuotcha makala, fumbi la m'zigafa posankha fodya? HIV nayonso imafulumizitsa emphysema mwa osuta, ngakhale akumwa ma ARV.

Kuyezako kumatchedwa spirometry, ndipo kumafuna kufunsa kaye ku zipatala zikuluzikulu chifukwa makinawo sapezeka paliponse. Kachubu ka peak flow kamene amapatsa odwala mphumu sikokwanira. Munthu asasute kwa ola limodzi asanayezedwe, asapopere salbutamol (mankhwala otsegula njira za mpweya) kwa maola 4 mpaka 6, ndipo asabwere atangokhuta nsima. Msinkhu wake uyezedwe atavula nsapato, osangomufunsa, chifukwa makina amawerengera pa msinkhu, zaka ndiponso ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Akhale pampando, mphuno zipanidwe, akoke mpweya mpaka podzadza, amange milomo pa chubu, aphulitse mpweyawo ndi mphamvu zonse n'kupitiriza mpaka utatheratu, ngakhale zitatenga masekondi 15. Pamafunika maulendo atatu abwino, ndipo awiri apamwamba asasiyane kuposa mamililita 150. Akafika maulendo 8 osatheka, apume, adzabwere tsiku lina. Kenako apopere salbutamol kanayi, 100 microgram ulendo uliwonse, kudzera mu spacer (kabotolo kokokeramo mankhwala opopera), adikire mphindi 15, abwerezenso zonse.

Manambala ofunika ndi awiri. FEV1 ndi mpweya wotuluka m'sekondi yoyamba, FVC ndi mpweya wonse wotuluka. Mukagawa FEV1 ndi FVC atapopera mankhwala, yankho likatsika kupitirira 0.70 ndiye kuti njira za mpweya zathina mosabwerera. Akabwerera mwakale atapopera, ganizirani mphumu. Kukula kwa vuto kumaonedwa pa FEV1 poyerekeza ndi yoyenera munthuyo: 80 pa 100 kupita m'mwamba ndi pang'ono, 50 mpaka 79 ndi pakatikati, 30 mpaka 49 ndi kwambiri, pansi pa 30 ndi poopsa.

Zolakwika zimachuluka pa kapumidwe. Akasiyira panjira, FVC imachepa, yankho limakwera, wodwala n'kuuzidwa kuti ali bwino. Izi zimachitika kwambiri ndi a emphysema chifukwa mpweya wawo umatuluka mochedwa, ndiye woyeza azikuwa ndithu kuti "pitirizani, pitirizani!" Akayamba mwaulesi kapena kutsokomola m'sekondi yoyamba, FEV1 imachepa, wabwinobwino n'kupatsidwa matenda. Lilime lotseka chubu ndi mpweya wothawira m'mbali mwa milomo, makamaka kwa opanda mano, zimawononganso zotsatira. Makina aziyesedwa ndi jakisoni wamkulu wa malita atatu tsiku lililonse loyeza. Malire a 0.70 aja nawonso ali ndi chilema: okalamba opitirira zaka 70 ena amagwera pansi pake ali bwinobwino, pomwe wa zaka 35 amene ali pa 0.72 akhoza kukhala atayamba kale kudwala.

Onaninso kuti makinawo akuyerekeza munthuyo ndi anthu ati. Kafukufuku wa akuluakulu a mu Blantyre amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti poyerekeza ndi manambala a ku America, oposa mmodzi mwa atatu alionse anali ndi FVC yochepa, koma poyerekeza ndi anthu athanzi a komweko anangokhala pafupifupi mmodzi pa 10. Izi zimasintha mlingo wa kukula kwa matenda umene ulembedwe m'buku la wodwala. M'bale wosuta wa zaka 40 kupita m'mwamba amene amatsokomola m'mawa uliwonse kapena amatsalira anzake poyenda, ayezedwe chimodzimodzi.

Chisale

Ndikuvomereza, mayi NaJere, Z ndi yosowa kuno. Komabe bungwe la WHO limalangiza kuti wodwala COPD aliyense ayezedwe alpha-1 kamodzi pa moyo wake, ndipo amene ali ku South Africa kapena ku Britain akhoza kupempha dokotala wawo. Kwa ena, ndingaumirire pa anthu amene bambo Gondwe atchula aja, kuwonjezapo amene emphysema yawo ili kunsi kwa mapapo ndi amene m'banja mwawo muli matenda a chiwindi osadziwika chiyambi.

Poyeza pali misampha. Puloteniyi imakwera munthu akadwala, ndiye magazi otengedwa pa nthawi ya chibayo, TB kapena malungo akhoza kuonetsa wa MZ ngati wabwinobwino. Dikirani achire, ndipo ayezedwe limodzi ndi CRP kuti muone ngati m'thupi mulibe kutupa. Mimba ndi mapiritsi olera a estrogen zimaikwezanso. Amene wangothiridwa magazi kumene zotsatira zake zimasakanikirana ndi za mwini magaziwo. Kuyeza jini kotchipa kumangofufuza S ndi Z, moti munthu wa mtundu wina wosowa, ngakhale wosapanga puloteni n'komwe, amalembedwa MM. Mlingo ukakhala wotsika koma pepala likuti MM, jini yonse iwerengedwe.

Pa za abale, makolo onse akakhala MZ, mimba iliyonse ili ndi mpata umodzi mwa inayi wa ZZ, iwiri ya MZ ndi umodzi wa MM. Choncho wina akapezeka ZZ, oyamba kuyezedwa ndi abale ake a bere limodzi. Ana ake onse amatenga Z mmodzi, ndipo amakhala MZ ngati kholo linalo ndi MM. Wa MZ wosasuta mapapo ake amakhala ngati a wina aliyense, koma akamasuta chiopsezo chimakwera.

Mankhwala obwezeretsa puloteniyi alipo kuyambira 1987. Amaichotsa m'magazi a anthu opereka n'kuithira pa diripu sabata iliyonse, mamiligalamu 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kutanthauza 3,600 kwa munthu wa makilogalamu 60, moyo wake wonse. Mtengo wake ndi wosayamba, moti ngakhale mayiko ena olemera salipirira odwala awo. Imangochedwetsa kuwonongeka, siikonza timatumba tong'ambika, siithandiza chiwindi, ndipo wosutabe sapatsidwa chifukwa utsi umaiwononga ikangofika m'mapapo.

Pa kusiya fodya nambala yake ilipo. Kafukufuku wa Lung Health Study wa ku America ndi Canada anatsatira osuta 5,887 amene COPD inali itangowayamba. Osutabe ankataya mamililita 62 a FEV1 pachaka, osiyiratu ankataya 31, pafupifupi mofanana ndi munthu amene sanasutepo. Wa ZZ asiyenso mowa, abayitse katemera wa hepatitis B, ndipo chiwindi chake chiziyezedwa chaka ndi chaka ngakhale asakumva kupweteka paliponse.